Khadi Lomwe Linagona M'Baibulo

A Greyson anafika ku Nairobi ndi chinthu chimodzi chodzitama nacho: chibadwire sanakongolepo munthu, ngakhale mchere weniweniwu. Ana awo ku Zomba anakula akumva kuti ngongole ndi manyazi. Ankayendetsa galimoto ya bungwe la mpingo ku Westlands, n'kumagona m'kachipinda ku Kawangware. Mtima wawo wonse unali pa kupeza nyumba ku South C, kuti mwana wawo Tamanda akadzabwera ku koleji asadzagone kuseri kwa katani.

Mayi Pauline, Mmalawi mnzawo wa kuntchito, ndi amene anawatsina khutu. "Kuno eni nyumba ena amayamba aona mbiri yanu ya ku banki. Kasungitseni ndalama ngati chikole, akakupatsani khadi logulira zinthu pa ngongole."

Anapitadi, khadi n'kulandira. Kenako anachita zomwe ankaona kuti munthu waulemu amachita: analilowetsa m'Baibulo, pa Miyambo, osalikhudzanso. Chaka chinatha khadi likuwerenga malemba.

Nyumba itapezeka, anavala jekete n'kupita kwa mkulu woyang'anira nyumbazo. Iye anayang'ana pa kompyuta, n'kupukusa mutu.

"Mzee, hakuna kitu. Choipa palibe, chabwinonso palibe. Sitikukudziwani."

Mawuwo anawalasa. Munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, lero ati sadziwika! Nyumba inapita kwa wina.

Atawafotokozera mayi Pauline, mayiwo anaseka mpaka misozi. "Abambo inu! Dalaivala woti sanatulutsepo galimoto m'galaja, inuyo mungamukhulupirire?"

Apa m'pamene ine ndimawavulira chipewa a Greyson. Amuna ambiri a msinkhu wawo akanatukwana banki, kutukwana Kenya yense, n'kufa ndi khalidwe lawo. Iwo anangoti, "Ndiphunzitseni, mayi."

Loweruka anakagula gasi wophikira ndi khadi lija. Ndalama zinali m'thumba momwemo, zikuwayabwa. Anazengereza kupereka khadilo mpaka mtsikana wa pa kauntala anafunsa ngati akudwala. Panjira ankamva ngati aliyense mu matatu, minibasi ya kumeneko, akudziwa kuti gasiyo si wawo. Koma anapirira, tsiku lobweza lisanakwane n'kubweza zonse. Mwezi wotsatira chimodzimodzi, gasi yekhayekha, ngati munthu womwa mankhwala owawa mwa nthawi yake.

Miyezi inapita. Nyumba ina itapezeka, mkulu uja anayang'ananso pa kompyuta, ulendo uno n'kutambasula dzanja. "Karibu, mzee."

Tamanda anafika n'kupeza chipinda chakechake, chokhala ndi chitseko. Mawa lake anapita limodzi kusitolo, ndipo mwanayo anaona bambo ake akutulutsa khadi.

"Ababa! Imeneyo si ngongole? Si inu munkati..."

A Greyson anayang'ana pansi ndi manyazi, koma khadi sanalibweze m'thumba.

"Ndi ngongoledi, mwanangu," anatero chapansipansi. "Chitseko watseka dzulo chija, ndi imeneyi."