Shedi ya a Fyuzi

"Ayironi imeneyo yakulakwirani chiyani?" akazi a Fyuzi anafunsa amuna awo ataima pakhomo la khitchini.

A Fyuzi sanadzutse mutu. Anali atayala tizitsulo ta ayironiyo patebulo lodyera.

"Ikumalira modabwitsa."

"Ayironi imalira? Dzulo munamasula wailesi, dzana wotchi. Mawa mudzamasula ine."

Panali patatha miyezi inayi chipumireni pantchito ya zamagetsi ku fakitale ya nsalu, komwe anzawo anawapatsa dzina loti a Fyuzi. Ankadzukabe m'mamawa n'kuvala ovololo, kenako n'kukumbukira kuti kopita kulibe. Ankazungulira nyumba, kukhala, kuimirira, kutuluka, kubwereranso. Mwana wawo wamwamuna, yemwe anali ndi shopu ya matayala kutali, ankaimba foni sabata iliyonse: "Bwerani kuno, bambo. Muzidzangokhala pampando n'kumayang'ana antchito." Iwo ankangoti aganizira.

Tsikulo utsi wakuda unadumpha mpanda n'kukuta zovala zomwe zinali pachingwe.

"Ndi ana a kumtaya aja," amayiwo anatero. "Poti mphamvu zakuchulukirani, pitani mukawathamangitse."

Kuseri kwa mpanda kunali mtaya wa zinyalala. Kumeneko anapeza anyamata atatu akuotcha mawaya kuti pulasitiki isungunuke, atsale ndi kopa wokagulitsa. Maso awo anali ofiira, manja ali ndi zipsera.

"Agogo, mwabwera kudzaotha nawo?" wamtali pa onsewo anawaseka.

A Fyuzi anali atakonza mawu aukali, koma anaona mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zisanu atakhala payekha, akulimbana ndi fani yakale. Ankayesa kuimasula ndi msomali wopinda. Anzake ankamutcha Kamoto.

"Iwe, ukuipha fani imeneyo."

"Inafa kale. Ndikufuna ndione chinaipha."

A Fyuzi anaitenga, naizunguza ndi chala, naiika pakhutu.

"Sinafe iyi. Yakomoka chabe. Bwera nayo."

Mu shedi yawo ya kuseri kwa nyumba, anasintha kachitsulo kamodzi, nalumikiza waya woduka. Fani itayamba kuzungulira, Kamoto anaika nkhope yake pamphepoyo. Anyamata aja anali atathithikana pakhomo, osaseka.

Mawa lake anabwera onse anayi, atasenza ketulo, mawailesi awiri ndi tochi zomwe anatola kumtaya. Tsiku lotsatira anabweranso. A Fyuzi anayamba kudya chakudya cha m'mawa choimirira, maso ali pageti.

"Ana amenewa simukuwadziwa," akazi awo anawachenjeza. "Aneba ayamba kale kuloza nyumba yathu."

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mayi."

"Mwambi saika loko pageti, bambo."

Pa onsewo, Kamoto ndiye ankamva msanga, komanso ndiye anali wopupuluma. Manja ake ankafika pachinthu funso lisanathe. "Safunsa anadya phula," a Fyuzi ankamuuza, iye n'kuyankha kuti phula lomwelo kumtaya silipezeka.

Sabata yachisanu, akukonza ketulo, foni inalira m'nyumba. A Fyuzi anathamangira komweko. Anali mwana wawo uja. Asanamalize moni, anamva kukuwa.

Anapeza Kamoto ali gada pansi, pulayala ili uko, chikhatho chake chitapsa. Pulagi ya ketulo inali ikadali m'soketi. Anaiika ndi iwo eni poyesa, ndipo anatuluka osazimitsa.

Kuchipatala, namwino atamanga bandeji, anatenga cholembera.

"Makolo ake ali kuti?"

"Palibe," Kamoto anayankha yekha. "Ndimagona pakhonde la azakhali, akakhala kuti sanakwiye."

"Nanga inu ndinu ndani wake?"

Namwinoyo ankafunsa a Fyuzi, koma Kamoto anawatsogola kuyankha.

"Ndi aphunzitsi anga," mtsikanayo anatero.

Atabwerako anakhoma shedi ndi loko wamkulu. Zaka makumi atatu pafakitale, palibe munthu anapwetekapo m'manja mwawo, lero mwana wa eni ake akanafera pakhomo pawo. Anaimbira mwana wawo kumuuza kuti apita kwa iye Loweruka. Anatsitsa chikwama, kulongedza, kukhuthula, kulongedzanso. Ana aja akagogoda pageti, ankatuma akazi awo kukanena kuti sali bwino. Akamva fungo la pulasitiki yopsa, ankatseka mawindo onse n'kumayendayenda pabalaza.

Lachisanu masana amayiwo sanapite kugeti kukanena bodza. Anatsegula, nalowa naye Kamoto mpaka pabalaza.

"Mlendo wanu uyu. Ine ndatopa kukudwalitsani."

Mtsikanayo anaima pafupi ndi chitseko. Bandeji inali itada, koma maso ake anali pachikwama chija.

"Mukuthawa?"

"Ndikupita kwa mwana wanga. Ndinatsala pang'ono kukupha, iwe."

"Moto wa kumtaya wandiotcha kasanu," anatero, akuonetsa mkono winawo. "Apa, apa, ndi apa. Palibe amene anatseka mtaya. Inu mwandiotcha kamodzi, n'kupita nane kuchipatala, basi mwatseka shedi."

"Sukumvetsa."

"Ndikumvetsa. Anzanga abwerera kukaotcha mawaya. Wamtali uja akutsokomola zakuda. Akuti ankadziwa kale kuti mutopa nafe."

A Fyuzi anakhala pampando. Anayang'ana akazi awo, akuyembekeza kuti awathandiza.

"Musandiyang'ane ine," amayiwo anatero. "Ndinakana anawa, inde. Koma mwezi wathawu ndinali ndi mwamuna m'nyumba muno. Sabata inoyi ndili ndi mzukwa wotseka mawindo. Mukapita kukakhala pampando wa matayala, mudzabwerako m'bokosi."

"Nanga wina akadzapwetekanso?"

"Ndiye muwaphunzitse kusapweteka. Si ntchito yanu imeneyo?"

Kenako a Fyuzi anaimirira, napisa m'thumba la ovololo, natulutsa kiyi.

"Kaitane anzako. Koma lero palibe wogwira waya. Ndiika kaye swichi imodzi yaikulu pakhomo la shedi, ndipo aliyense wolowa kapena kutuluka azizimitsa ndi dzanja lake, kuyambira ineyo."

Kamoto anatuluka chothamanga, geti n'kulisiya pululu.

A Fyuzi anatenga foni. Mwana wawo anayankha mosangalala, akufunsa nthawi ya basi.

"Pampando paja ikapo wina, mwana wanga. Kuno ndili ndi ana asukulu anayi."

"Asukulu? Bambo, inu munakhala liti mphunzitsi?"

"Ntchito ya uphunzitsiyi anandilemba kuchipatala kuja," anatero. "Ndidzakufotokozera. Pano andipeza ndisanasese."

Anadula foni, natenga tsache kuseri kwa chitseko.