Ndodo Yolankhulira

"Banja likalowa muno likutukwanana, limatuluka litagwirana manja," a Matthews, mlangizi wa mabanja, ankauza mlonda pakhomo la ofesi yawo pa Nathenje.

Mayi Idesi anamva ali pabenchi. Anayang'ana chikhakha chimene chinali padzanja la mwana wawo Elube, n'kudzifunsa kuti agwirana ndi dzanja liti. Analithyola ndi mwamuna wake, Edson, fodya atanyowa m'chigafa. Chaka chatha linali dzino. Ankhoswe anali atagamula kale kuti Elube abwerere kubanja tsiku lomwelo. Kwa mlangizi anangobwera kudzasalaza.

M'chipindamo mipando inali mozungulira. Mayi Idesi anafuna kukhala kuseri kwa chitseko, poti mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini.

"Ayi, amayi," anatero a Matthews. "Banja ndi thupi limodzi, wodwala sakhala mmodzi. Khalani apa, maso ndi maso."

Ankhoswe anatsokomola. A Matthews anatulutsa ndodo yosema yam'bawa, yomwe anabwera nayo ku semina.

"Wagwira iyi ndiye mwini bwalo. Enanu osamudula, osamugwira, mpaka aibweze."

Anayamba ndi Edson. Analankhula mpaka dzuwa linasuntha pawindo: mkazi ndi wamwano, apongozi amamupopa.

"Dzanja langali limangofulumira, basi," anamaliza motero akuseka, n'kuliyala patebulo. Popereka ndodo kwa Elube ananong'ona, koma mayi Idesi anamva: "Tikamalizira kunyumba."

Elube anangoigwira, n'kuipatsira mayi ake.

Mayi Idesi anaiyeza kulemera kwake. M'bawa weniweni.

"Bambo mlangizi, kwathu ku Mitundu mkamwini sitilankhula naye."

"Njira iliyonse, amayi. Tulutsani zakukhosi. Kusunga n'kumene kumadwalitsa."

Anadzuka, n'kumanga chitenje bwinobwino. Ndodo inatera padzanja la Edson lija ndipo fupa linalira ngati phesi louma. Edson atatsegula pakamwa kuti akuwe, yachiwiri inapeza khomo lotsegula. Magazi anawaza tchati cha mibadwo ya banja chomwe chinali pakhoma. Dzino linagubuduka mpaka pansi pa mpando wa a Matthews, amene anali atakweza kale miyendo.

Ankhoswe akuchimuna anadzambatuka.

"Ndodo ikadali ndi ine," anatero mayi Idesi.

Ankhoswewo anayang'ana kwa mlangizi. Mlangizi ankayang'ana dzino. Ankhoswe aja anakhalanso pansi.

"Dzanja ndi dzino. Anatenga kwa mwana wanga, lero wabweza. Mwaona nonse?"

"Taona," anayankha ankhoswe akuchikazi, mwachangu ndithu.

"Elube akupita kwathu. Alipo wotsutsa?"

Panalibe. Edson yekha ankabuula pansi, koma sanali ndi ndodo.

Mayi Idesi anagwada, n'kuibweza kwa a Matthews ndi manja awiri. Kenako anatuluka kukafuna kabaza wa ku Mitundu, atagwira Elube dzanja labwinolo. Mlonda anawaona akudutsa atagwirana, n'kugwedeza mutu: abwanawa ntchito amaidziwadi.