Lilime la Desmond Hardcastle

Pofika Lachiwiri masana, Desmond Hardcastle anali atafufuta mabala anayi pa mabala asanu ndi anayi amene anawalemba, chonsecho ulendo unali Loweruka lomwelo.

Ulendo wake ndi uja wa chaka ndi chaka wozungulira mzinda wa Sheffield poyenda pansi, kulowa bala iyi, kutuluka, kulowa ina, kumwa theka la painti ya mowa paliponse. Desmond anakhala akuukonza kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Kunkabwera anthu makumi anayi, ena pa sitima kuchokera ku Leeds ndi ku Derby, ndipo panalibe wofunsa chifukwa chake bala yakuti ilipo koma yakuti palibe. Desmond akati mowa uli bwino, nkhani inkathera pomwepo. Mowa wake ndi uja wa m'migolo, wamoyo, wopitiriza kupsa m'chipinda chapansi ndi kukokedwa ndi pampu ya dzanja, umene mgolo ukatsegulidwa umakhala masiku atatu kapena anayi kenako n'kusasa. Mowa wina uja wokankhidwa ndi gasi sankauwerengera n'komwe.

Koma chaka chino eni mabala anali atamupangira chiwembu. Iye ankaona choncho, ndipo munthu amene anagwira ntchito yonola mipeni zaka makumi atatu sumutsutsa wamba.

Zinayambira pa bala ya pa mlatho. Anaitanitsa theka, naliyang'ana pa kuwala kwa zenera. Mtundu unali bwino, thovu lili nganganga m'mbali mwa tambula. Atalawa anapeza madzi okhaokha. Anabweza, mwini wake namupatsa wa mgolo wina, koma nawonso unali madzi ovala mtundu wa mowa. Pa bala yachiwiri chimodzimodzi. Pofika yachinayi Desmond anali atamvetsa bwino lomwe. Anthuwa akuthira madzi, kapena ali ndi mgolo wapadera wopatsa iye yekha, kubwezera mawu owawa amene anawalembapo zaka zapitazo. Koma ankadziwa bwanji tsiku limene abwere?

Yankho analipeza Lolemba. Atakwera basi yobwerera kwawo, anasuzumira pa zenera n'kuona Clive Broadbent, mnzake wa pamtima kuyambira kufakitale, akulowa mu bala ya pa mlatho ija, imene iye anali ataifufuta. Sanangolowa ayi. Anagwirana chanza ndi mwini wake pakhomo, onse awiri akupukusa mitu ngati anthu a pamaliro.

Desmond zinamupweteka kwambiri. Clive anali munthu wonyamula mapu pa ulendo uliwonse, wodziwa kumene kuli zimbudzi ndi nthawi ya mabasi, koma pa za mowa ankangovomera zonse zimene Desmond wanena. Ndiye lero akufuna mpando? Kunyumba Desmond anadya nyama ndi mbatata akuwaza mchere kachitatu, mpaka mkazi wake Pauline anamulanda botolo la mcherewo.

Lachiwiri lija anapangana ndi Clive kukumana pa bala ya Gwen Ollerenshaw, ya pamwamba pa chitunda, imene ulendo unkathera chaka chilichonse. Dala anafika ola lathunthu nthawi isanakwane kuti awadzidzimutse awiriwo. Kunja kunkawaza mvula yosatha ija. M'katimo munali madoda awiri akusewera madomino pafupi ndi moto, ndipo pa kauntala, chipewa chili pambali, panali Clive.

"Ohoo," anatero Desmond akugwedeza ambulera. "Tinati thili koloko, aise. Wotchi yako yathamanga?"

"Ndimathawa mvula," anayankha Clive, maso ali pa tambula yake.

"Mvula yake imagweranso pa bala ya pa mlatho? Dzulo ndinakuona."

Gwen, mayi wamfupi wa manja amphamvu chifukwa chogubuduza migolo zaka zambiri, anatenga tambula n'kuyamba kukoka pampu pang'onopang'ono.

"Khalani pansi, a Desmond, mwanyowa. Mgolo uwu ndautsegula m'mawa uno. Wakhala masiku awiri osagwedezeka. Lawani mundiuze."

Desmond anaiyang'ana pa kuwala. Mowa unali mbee, woyera ngati tiyi wosathira mkaka. Anaununkhiza, nalawa, nauyendetsa m'kamwa monga ankachitira nthawi zonse, n'kumeza. Anaika tambula pansi mwaulemu woopsa.

"Inunso, mayi Ollerenshaw?"

"Inenso chiyani?"

"Madzi a pa mpopi ndili nawo kunyumba, sindikwerera chitunda."

Madomino anasiya kulira. Nkhope ya Gwen inafiira mpaka m'khosi. Mwini bala mukhoza kumunena kuti mipando yake ndi yolimba kapena kuti galu wake amanunkha, adzaseka. Koma kumunena kuti amathira madzi mu mowa ndi kumutukwana iye ndi bambo ake amene anamusiyira malowo.

"Des, tamvera," anayamba Clive.

"Iwe khala chete! Ukuyesa sindikudziwa? Ukumawatsogolera, kuwauza tsiku limene ndifike, kuti andipatse zachabechabe ndioneke ngati chitsiru pamaso pa anthu. Ngati ukufuna kukonza ulendowu ndiwe, bwanji osangonena ngati munthu wamkulu?" Anatembenukira kwa Gwen, akugogoda kauntala ndi chala. "Ndipatseni umene mumabisa pansipo. Umene mumapatsa anzanu. Mukapanda kutero bala yanu ikhala yachisanu kufufutidwa."

"Umene ndimabisa?" anatero Gwen. "Chabwino, bwana. Dikirani pomwepo."

Anatsegula kachitseko ka pansi n'kutsika, nsapato zikugunda makwerero mwaukali. Pansipo panali mgolo umene unasasa Lamlungu, wodikira kukatayidwa. Gwen anatungamo tambula yodzaza. Ankangofuna kumukhaulitsa, kuti aulavule pamaso pa anthu, onse aseke, nkhani ithe. Atakwera nayo, fungo la viniga linamutsogolera. Mmodzi wa madoda a madomino anakwinya mphuno ali uko pa moto.

Desmond anailandira tambulayo ndi nkhope ya munthu wopambana mlandu. Mowa unali wa mbuu pang'ono, koma masiku ano ophika ena amausiya choncho dala. Anaununkhiza, nalawa. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, kanthu kena kanamuluma m'mbali mwa lilime, kanamuyendera mpaka m'nsagwada. Anatsinzina, namwanso kwambiri.

"Eyaa!" anatero mwachisangalalo. "Uwu ndiye mowa! Mukuona? Ndimanena ine! Muli nawo, koma mumandimana. Clive, talawa umve kusiyana kwake."

Palibe anaseka. Gwen anagwira pakamwa. Mkwiyo wake wonse unali utathawa, ndipo anatambasula dzanja n'kumulanda tambula ija mofatsa ngati akulanda mwana mpeni.

"A Desmond, musamwenso. Umenewu ndi wotaya. Unasasa Lamlungu. Pepani, ndimayesa muulavula."

"Bodza."

"Fungo lake likundipeza kuno, mdala," anatero wa madomino uja, osati monyoza. "Ungathe kuthira pa tchipisi."

Desmond anayang'ana aliyense payekhapayekha, kufuna kugwira amene akubisa kuseka. Panalibe. Anaweramira tambula ija pamene Gwen anaiika, nakoka mpweya ndi mphuno mwamphamvu, kawiri, katatu. Sanamve kanthu. Anatembenuzira mutu ku moto wa malasha, ku jekete lake lonyowa, kwa galu amene anagona pansi pa benchi. Chipinda chonse chinalibe fungo, ndipo anazindikira kuti chakhala chopanda fungo kuyambira kalekale. Anakhala pa mpando.

"Unadziwa liti?" anafunsa, osamuyang'ana Clive.

"Mu Malichi. Chitatha chimfine chachikulu chija unadwala. Unayamikira supu ya Pauline tsiku lomwe inapserera." Clive anapukuta magalasi ake ngakhale anali oyera. "Ndinkati zibwerera zokha. Mabala aja ndimapita kukalawanso ndi kukapepesa. Mowa wawo uli bwino, Des. Wa pa mlatho chaka chino ndiye wachita kunyanya kukoma."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndikanayambira pati? Iwe ungamuuze munthu zimenezo?"

Desmond anachita manyazi amene sanawachitepo chibadwire. Anthu anayi osalakwa anawatcha akuba m'nyumba zawo zomwe, wachisanu ndi uyu amene tsopano ankatsuka tambula imodzi kachiwiri kuti asamuyang'ane. Koma pansi pa manyaziwo panali china choposa, mantha. Loweruka anthu makumi anayi adzakweza matambula, n'kutembenukira kwa iye kudikira kuti anene.

"Mabala anayi ndinafufuta aja abwerere pa ulendo," anatero pomaliza. "Mawa ndikawayendera ndekha. Usandiperekeze."

"Chabwino."

"Loweruka ndidzawauza anthu tisananyamuke. Pakamwa panga, osati pako."

Clive anavomera ndi mutu. Madomino anayambanso kulira, mwakachetechete kuposa poyamba. Theka loyamba lija, la mgolo wa m'mawa, linali likadali pa kauntala, thovu litatsika pang'ono. Desmond analikokera pafupi, naligwira ndi manja awiri.

"Mayi Ollerenshaw," anatero, "ndakulakwirani kwambiri. Koma tandithandizani. Uwu ukukoma bwanji?"

Gwen anadzikokera pang'ono m'katambula kake, nalawa, naganiza kaye. Sanafune kumunamiza ngakhale pa liwu limodzi.

"Poyamba umatsekemera pang'ono, ngati chikhokho cha buledi wongotuluka kumene mu uvuni. Kenako pamabwera kakhungu ka lalanje. Kuwawa kumafika mochedwa, mutameza kale, ndipo sikuchoka msanga."

"Mochedwa," anabwereza Desmond.

Anamwa pang'ono, nameza, nakhala phee kudikira.