Tsitsi la Ndaziona ku Nyumba ya Malamulo

...ayi dikira kaye iwe, usandidule, zoseketsa zenizeni sizinafike kkkk. Paja ndati dzulo masana bambo anatsegula wailesi, pulogalamu ija anthu amaimba foni, nkhani yake ya bilu yoti aliyense akamaliza Folomu 4 azipita kaye ku usilikali kukatumikira dziko, afune asafune. Wina akuti ana a masiku ano ndi aulesi akawongoke kumeneko, wina akuti boma lisatilande ana. Ine ndili pamkeka pakhonde mutu wanga uli pa chinthu chimodzi basi, tsitsi la Ndaziona. Ndaziona mnzanga uja tinkakhala desiki imodzi. Sukulu yonseyi takhala tikumetedwa ngati anyamata, ndiye iyeyo chilembereni mayeso sizasi sinamuyandikire, akulisunga kuti ndidzamuluke ine. Amayi ake ankaluka anthu pamsika koma anamwalira iye ali Folomu 2, sanamulukepo. Ndiye ku usilikali amameta mpala eti!! Tulo tinandipeza ndikuganiza zomwezo.

Ndinalota ndikutsegula chitseko cha bafa lathu lakuseri, ndinapeza mkatimo ndi Nyumba ya Malamulo. Ndowa ndi sopo zinali pamalo pake, koma kutsogoloko aphungu onse anali atakhala m'mizere, aliyense thaulo m'khosi ngati ali mu saluni. Sindinadabwe. Ndinavula masilipasi n'kulowa.

Bilu ija inakhala pampando wakutsogolo. Inavala jombo koma miyendo inalibe.

Oyamba kulankhula anali makina ometera, amagetsi aja. Anaimirira patebulo chingwe chikukhwekhwereza pansi, anati, "Zikomo a Sipikala. Achinyamata athu akungokanda mafoni pansi pa mitengo. Tiwatenge onse aphunzire kulawirira, amange milatho. Ndipo mitu ifanane. Wa ku Area 10 ndi wa kumudzi, onse mpala." Aphungu a mbali imodzi anamenya matebulo.

Kenako chinaimirira chipeso, chobiriwira, chogumuka mano awiri. Chinati, "A Sipikala, milatho sindikuikana. Koma eni mituyo mwawafunsa? Ena akudwazika makolo kunyumba. Wofuna apite, wosafuna musamukoke." Makina anati, "Olemekezeka a Chipeso akhale pansi, akayambe aona dokotala wa mano." kkkkk aise ndinaseka m'malotomo mpaka a Sipikala anandiyang'ana.

Anavota pokweza mathaulo. Bilu inadutsa, inatsika pampando n'kuyamba kuguba yokha.

Khoma linatseguka. Kunja kunali mzere wa a Folomu 4 onse a dziko lino, ukulowera pa geti lachitsulo, makina aja ali pamwamba pa getipo. Munthu akangoponda pakhomo tsitsi linkagwa lonse, ndipo kuseri kwa geti linkayenda ngati mtsinje wakuda, asilikali akuwoloka atapinda mathalauza. Ine anandisiya chifukwa zaka 18 sindinakwanitse. Koma Ndaziona anali pamzere, yunifolomu ya sukulu ndi jombo zazikulu za munthu wina, atagwira mutu ndi manja onse awiri.

Pambali pa mzerewo panali amayi ake, malemu, pa kampando kawo kapamsika kaja, ulusi atakoleka kuchala chachikulu chaphazi monga ankachitira. Sindinaope ngakhale pang'ono. Ndinagwada n'kuwapatsa moni.

Anati, "Sungeni, wasamba m'manja?"

Ndinati, "Eya amayi."

Anati, "Mutu umene ukulukidwa sumetedwa. Zili m'malamulo awo omwewo, sanawerenge mpaka pansi. Uyambire kumbuyo. Usamukoke, mwana wangayo sachedwa kulira. Ndipo usamalize."

Ndinati, "Bwanji osamuluka nokha amayi, inu ndinu odziwa?"

Anayang'ana manja awo, anati, "Awa sagwiranso za kuno." Anandipatsa chipeso chija, chidakali wefuwefu ndi mtsutso.

Ndiye ndinayamba kuluka uku tikuguba. Iwe unayamba waluka munthu akuguba? Sajeni akuti lefiti, ine chala uku, akuti raiti, ine chala uko, mizere yake yokhotakhota ngati njira ya mbuzi kkkk. Ndaziona osatembenuka anati, "Mayi Sungeni, ndi ulemu wonse, mukundipweteka." Ndinati, "Pepani a Ndaziona, ndi za dziko." Amayi ake ankatitsatira, kampando kakuyenda kokha iwo atakhala, akungonena kuti "pang'onopang'ono, pang'onopang'ono." Ndinachedwetsa momwe ndikanathera koma mutu wa Ndaziona ndi waung'ono, ukuudziwa. Pofika pageti unatsala mzere umodzi wokha, wapamwamba pa khutu.

Makina anati, "Mwamaliza?"

Ndinati, "Sindinamalize bwana."

Anang'ung'uza kanthawi. Kenako anati, "Alowa ndi tsitsi lake. Koma dzanja lanulo likangochoka m'mutumo, timeta. Inu ndinu wamng'ono, bilu sikukufunani. Bwererani kwanu."

Ndinacheuka. Chitseko cha bafa chinali pompo, ndowa yathu, ngakhale mawu a amayi anga ndinkawamva akundiitana kuti ndikaanule zovala. Ndinayang'ana amayi a Ndaziona kuti andiuze chochita. Iwo ankangokulunga ulusi wawo. Dzanja langa linali lidakali m'mutu mwa Ndaziona.

Ndinati, "Bwana, kumeneko kuli potchajira foni?"

Anati, "Kulibe."

"Netiweki?"

"Kulibe."

Aise. INE. Kopanda netiweki. Ndinapuma kamodzi, ndinagwiritsa kamzere kaja, tinaponda pakhomo limodzi. Mtsinje wa tsitsi uja unali wofunda, unatifika m'mawondo, ndipo langa linayamba kugwa ndikuliona, koma la Ndaziona silinagwe ngakhale limodzi.

Ndinadzidzimuka dzuwa lili kumaso, ndaluka zingwe za mopu mizere iwiri yabwinobwino kkkkkk, bambo ataima pamwamba panga ndi wailesi yawo. Anangoti, "Bilu ikadutsa, woyamba kupita ndi ameneyu."

Ndiye m'mawa uno ndamutumizira Ndaziona zonsezi. Foni imangoonetsa kuti akulemba, n'kusiya, akulemba, n'kusiya, mpaka ndinayamba kuopa kuti mwina za amayi akezo ndikanangosunga. Kenako wayankha, ndikukopera momwe walembera:

"Chitsiru iwe wandiliritsa mu minibasi anthu akundiyang'ana. Amayi anali onenepa ngati kale kapena monga analili kuchipatala? Undiuze zoona. Ubwere mawa undiluke, bilu idutse isadutse. Koma umalize wamva, sindingayende theka la mutu chifukwa cha maloto ako."