M'manja Mopanda Phokoso

Kakalata kochokera kusukulu kanali ndi mzere umodzi wokha: "Bambo ake a Kamphepo, mubwere Lachisanu m'mawa." Atelala anakapinda n'kukaponya pamakina awo osokera, mtima uli thithithi. Timakalata totere ankatidziwa bwino. Sukulu ziwiri zinawaitanapo chonchi, ndipo konseko anabwerako atagwira mwana wawo padzanja, atauzidwa mwaulemu wonse kuti mtsikana wobadwa ndi vuto la otizimu ngati ameneyu akamuyesere kwina.

Kamphepo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sankalankhula kawirikawiri, phokoso linkamubaya m'makutu, ndipo akasangalala ankakupiza manja m'mwamba ngati kamwana ka mbalame. Kukupizako ndi kumene ana a kusukulu zinazo ankamuseka nako.

Lachisanu atelala ananyamuka atakonzekera nkhondo, tepi yoyezera ikadali m'khosi poti anaiwala kuivula. Njira yonse ankasula mawu oti akawalase nawo ahedi. Atafika pawindo la kalasi anasuzumira, ndipo magazi anawira nthawi yomweyo. Mwana wawo anali ataima kutsogolo pafupi ndi bolodi, kalasi yonse ya ana makumi asanu ikukupiza manja m'mwamba. Ngakhalenso aphunzitsi, mayi wamkulu ndi magalasi ake!

Chitseko anachikankha ngati cha kunyumba kwawo.

"Zoona, madamu? Inunso mwalowa nawo gulu lomutonza mwana wanga?"

"Tsitsani mawu, bambo, mutiwonongera chisangalalo," anatero aphunzitsi, nkhope ili mwee. "Sitikumutonza ayi. Tikumuwombera m'manja."

"M'manja muti? Ine sindinamve kanthu!"

"Ndiye cholinga chake chimenecho. Sabata yoyamba tinamuwombera zenizeni, anathawira pansi pa desiki atatseka makutu. Anzakewa ndi amene anapangana okha kuti tiziwomba mmene mwiniwake amachitira. Mwangochedwa pang'ono, watiwerengera ndime yonse mokweza. Tinakuitanirani zimenezo."

Atelala anayasama, mawu onse osula m'njira aja n'kubalalika. Kuwerenga? Mokweza? Mwana amene kunyumba mawu ake ankachita kupempha ngati mchere wa kwa aneba?

"Abwereze, bambo ake amve!" ananong'oneza mtsikana wina, ndipo enawo anayamba kudumphadumpha m'mipando mwakachetechete, maso ali gwa pa mnzawo.

Kamphepo sanawayang'ane bambo ake. Anaika chala pabuku n'kuyamba, liwu ndi liwu, timawu take tating'ono koma tosagwedera. Atamaliza, manja onse anakwera m'mwamba, m'kalasi muli zii. Atelala anakweza awonso, misozi ili chuchuchu, osachita nayo manyazi n'komwe. Chibadwire anali asanakondwepo chonchi, ndipo akanakhala kunja akanakuwa mpaka msewu wonse kumva.

Potembenuka anapeza ahedi ataima pakhomo, nawonso akutsitsa manja. Mantha aja anabwereranso, pakuti wochotsa mwana sukulu si mphunzitsi. Atelala anafunsa funso limene linawaphera chilakolako cha chakudya sabata yonse.

"Ndiye, ahedi... mawa abwerenso?"

"Mawa ndi Loweruka, bambo," anaseka ahedi. "Koma Lolemba akapanda kuoneka, kalasi yonseyi ibwera kudzamutenga kushopu kwanu."