Kamwala Kamene Kanaleka Kupweteka

Dokotala anamuuza mosapsatira, chithunzi cha m'mimba chili m'manja. Kamwala kakakulu ngati nyemba kanali katatsakamira m'kanjira kotenga mkodzo kuchokera ku impso kupita m'chikhodzodzo, ndipo kakapanda kuchotsedwa, impso ya kumanja idzafa. Anati abwerenso Lolemba. Koma Wakumitambo, monga anzake a kuntchito ankamutchulira, atangomva zochotsa, makutu anatsekeka. M'maso mwake munabwera chipsera cha opaleshoni cha malemu bambo ake, chochokera kumsana mpaka pamchombo, ndi mmene mkuluyo ankayendera atagwira m'chiuno mpaka tsiku lomwalira. Lolemba litakwana, iye anavala chipewa chake cha pantchito n'kukakwera kireni.

Kireniyo inali chimakina chachitali chonyamula zitsulo ndi simenti pomanga nyumba zosanja. Kuti afike pampando wake, ankakwera makwerero kwa mphindi makumi awiri. Kumwambako kunali kachipinda kagalasi, mpando umodzi, ndodo ziwiri zoyendetsera ndi wailesi yolankhulira ndi anthu a pansi. Chimbudzi kunalibe. Ndiye kwa zaka khumi ndi ziwiri munthuyu anadziphunzitsa kusamwa madzi kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ndipo ankadzitama nazo pamaso pa anzake. Nzeru zinatu n'zodzipweteka nazo wekha, abale.

Koma kumwambako ankakukonda zedi. M'mawa nkhungu inkaphimba mzinda wonse, iye n'kutsala yekha pamwamba pake, dzuwa likumuwomba pamaondo. Mbalame zinkadutsa kunsi kwa mapazi ake. Phokoso la magalimoto linkamufika litatopa kale, ndipo maganizo ake ankangoyandama, osafulumira kupita kulikonse. Ankaopa kuti akamung'amba, makwerero amenewo sadzawakweranso.

Ululu wokha sunkamunyengerera. Unkayambira m'nthiti n'kutsikira kuchinena, mpaka munthu wamkulu ndi ndevu zake kugubuduka pasimenti. Mlamu wake, makaniko amene sanasowepo yankho pa nkhani iliyonse, anabwera ndi nzeru zake. Anati madokotala amangokonda mpeni, pomwe mwala umasungunuka ndi madzi a mandimu osakaniza ndi mafuta ophikira, bola ukamwa uzidumphadumpha pakhonde kuti utsike. Wakumitambo anamwa, anadumpha, aneba akusuzumira pampanda. Tsiku lachinayi ululu unangoti zii.

Anasangalala mpaka kuimba m'bafa. Mkazi wake yekha ndi amene sanaseke nawo.

"Abambo, mwalawo mwauona ukutuluka?"

Iye anayankha kuti chimene sichikupweteka chachira, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Panapita milungu isanu. Masana ena, ali kumwamba, anayamba kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo. Mano anayamba kugundana. Madenga a nyumba ankaoneka ngati akusambira, mitambo inayandikira pagalasi, ndipo mawu a pawailesi ankamveka ngati akuchokera pansi pa madzi. Zinali zokoma mwachilendo, moti analakalaka atangotsinzina. Mwamwayi manja ake ankaidziwa ntchito kuposa mutu. Anatsitsa mtolo wa zitsulo pang'onopang'ono mpaka unakhala pansi, anazimitsa makina, n'kunena pawailesi kuti sangathe kutsika yekha. Anamutsitsa ndi zingwe, akulendewera, akuona thambo likuzungulira.

Kuchipatala anapeza kuti kamwala kali pompaja, sikanasunthe. Mkodzo unali utadzaza mu impso ndipo tizilombo tinali titalowamo. Tsiku lomwelo anamuika kapaipi kofewa m'kanjira kaja kuti mkodzo uzidutsa m'mbali mwa mwalawo, n'kumuyambitsa mankhwala opha tizilombo.

Thupi litazizira, namwino wamkulu wa m'chipindamo, mayi wa imvi wolankhula mosathamanga, anakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi. Wakumitambo anamuululira za mpeni, za bambo ake, za mandimu. Namwinoyo sanamuseke, ngakhale pa zodumpha pakhonde anavutika kudzigwira.

"Bambo, ululu ukaleka sikuti mwala wapita. Nthawi zina impso imakhala yatopa kulimbana ndi chotsekacho, ndiye imayamba kufa mwakachetechete. Ndipo inu munathawa mpeni umene panalibe."

Kenako anamufotokozera mmene amachitira masiku ano. Timiyala tating'ono timatuluka tokha, munthu akamamwa madzi okwanira ndi mankhwala omasula njira ndi oletsa ululu, adokotala akuyang'anira. Miyala ina amaiswa ndi makina otumiza mafunde amphamvu kuchokera kunja kwa thupi, khungu osalikhudza ndi mpeni. Koma wonga wakewo, waukulu ndi wokakamira, amamugoneka munthu ndi mankhwala, n'kulowetsa kachipangizo kowonda kokhala ndi kamera kudzera m'njira ya mkodzo, n'kuuphwanya ndi kuwala kwamphamvu kumene amati leza. Kung'amba kumachitika mwa apo ndi apo, njira zinazi zikakanika. Anawonjezera kuti mandimu ndi mafuta sizisungunula mwala umene watsakamira kale.

Patatha milungu iwiri anamulowetsa m'chipinda chowala, chozizira. Anamuuza kuti awerenge mpaka khumi, iye anafika pa zinayi. Analota akuyenda pansi opanda nsapato, m'msewu wonyowa ndi mvula, ali wopepuka ngati mwana. Podzuka, dzanja linathamangira m'nthiti kukafufuza bandeji, koma linangopeza khungu lake lomwe lija. Mkazi wake anali pambali, atanyamula kabotolo kokhala ndi timchenga tofiirira. Mawa lake anatuluka akuyenda yekha.

Atachotsa kapaipi kaja, anamujambulanso, ndipo dokotala anamuitana pamodzi ndi mkazi wake. Anati njira yatseguka bwino, ku ntchito akhoza kubwerera, bola azimwa madzi ndi kupempha nthawi yotsika. Wakumitambo anayamba kumwetulira, koma dokotala anali asanamalize.

"Impso yapulumuka, bambo, koma pafupifupi theka la mphamvu zake lapita. Inakhala yotsekeka nthawi yaitali."

Anafunsa ndi mawu apansi ngati theka limenelo limaphukanso, monga imachitira nyama ya pabala. Dokotala anapukusa mutu. Wakumitambo anaika dzanja m'nthiti mwa kumanja, mmene simunkapwetekanso ngakhale pang'ono. Mkazi wake anamugwira dzanja linalo, ndipo anakhala choncho mpaka namwino anaitana wodwala wina.

Phunziro: Ululu wa mwala wa m'njira ya mkodzo ukaleka, musaganize kuti mwachira mpaka achipatala atakujambulani n'kutsimikiza. Masiku ano miyala yambiri imachotsedwa popanda kung'amba, choncho funsani, musathawe. Ululuwo ukabwera ndi kutentha thupi kapena kunjenjemera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.