Ulendo wa ku Tete Ayende Ndani?

Rufina ankapalira mbatata kuseri kwa nyumba yake ku Ulongwe pamene Baltazar anatulukira, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anali atabwera pa koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, poti masiku amenewo nkhondo inali itavuta pamsewu wa ku Tete. Awiriwa ukwati unatha kalekale, Baltazar atapeza ntchito ndi mkazi wina ku Teteko. Chinatsala pakati pawo ndi mwana mmodzi, Violeta.

"Amake Violeta, ndadzatenga mwana akakhale nane pa feriya, sukulu ikatsekera," anatero Baltazar. "Popita ndilipira ine, pobwerera mulipire inu."

Rufina anaponya khasu pansi.

"Ndilipire ndi chiyani? Masamba a mbatatawa? Pochoka pano simunandifunse. Lero ndigulitse mbewu kuti mwana wanga akatsuke mbale za mkazi wanu?"

"Mukundimana mwana!"

"Munadzimana nokha!"

Violeta anali atabisala kuseri kwa nkhokwe, manja ali kumakutu.

Phokosolo linafika kwa mayi Inácia, namwino woyandikana nawo nyumba. Anabwera akupukuta manja pachitenje.

"Abambo, pobwera mwaona chiyani panjira?" anafunsa.

Baltazar anawerama. "Galimoto yamtsogolo inaponda bomba. Tadutsa ikufukabe utsi."

"Ovulala aja ndawamanga mabala ndine. Ndiye mukukangana za wolipira kuti mwana akwere pamsewu umenewo?"

Rufina anamva kukoma mumtima, poganiza kuti wapambana. Koma mayi Inácia anatembenukira kwa iye.

"Nanunso mayi, musasekerere. Mwanayu amandifunsa ngati bambo ake akadali moyo, chifukwa inu akangowatchula mumakwiya. Analakwira inu, inde. Koma mwana sangakhale chikwapu chokwapulira bambo ake."

Mawuwo anamulasa Rufina. Anafuna kuyankha, koma anaona Violeta akusuzumira, m'maso muli misozi.

Mayi Inácia anawalangiza kuti aitane ankhoswe a mbali zonse, nkhani ikambidwe mwana ali kutali. Tsiku lotsatira anakhala pansi pa mtengo wa pichesi, ndipo anagwirizana motere: pamene nkhondo ilipo, woyenda akhale wamkulu, osati mwana. Baltazar, poti amalandira malipiro, azilipira yekha ulendo. Rufina, poti ali ndi munda, azipereka ufa ndi nyemba kwa mlongo wake, a Inosenti, komwe Baltazar azifikira ndi kuchezerako ndi mwana. Msewu ukatsekeka, wina asanene mnzake kuti wachita dala. Mtendere ukadzabwera, adzakhalanso pansi n'kuona mmene Violeta angamapitire ku Tete.

Rufina sanakondwe. Kudyetsa munthu amene anamusiya kunamuwawa ngati tsabola m'maso. Ufa woyambawo anaupereka atatembenuza nkhope.

Nyengo yokolola itafika, Baltazar anabweradi. Rufina sanamupatse moni wa dzanja, koma anamusambitsa Violeta, n'kumuperekeza mpaka pachipata cha a Inosenti. Ataima pamenepo, anamva mwana wake akuseka kwambiri, akuonetsa bambo ake dzino lomwe linali litangomera. Rufina anali asanamve kuseka kotero chichokereni Baltazar.

Pobwerera anakumana ndi mayi Inácia pachitsime.

"Mwawakhululukira?" anafunsa namwinoyo.

"Ayi," anatero Rufina. "Koma Violeta wadya bwino lero."

Ukwati ukatha, ubale wa mwana ndi makolo ake sutha. Musakanganire pamaso pake. Yambani mwaona ngati njira ili bwino, gawanani mtolo wa ulendo monga mmene aliyense angathere, ndipo gwirizanani pamaso pa mboni. Mkwiyo wanu ndi wanu, mwana asausenze.